CAKA CA 1919 M'MBIRI YA NDEKE

Nkhondo yaikulu yoyamba inatha ku Ulaya pa 11 November, 1918, koma m'dziko lino inacedwerapo, pakuti mkulu wa asilikali a Jeremani, von Lettow-Vorbeck, anakatula zida zace ku Abercorn, kumene lero kuchedwa Mbala, pa 25 November. Amtengatenga amene anasenza katundu wa nkhondo pamutu anali kubwerera kumidzi kwao, ena atatenga nthenda ya fuluwenza m'njira. Ku Ulaya nakonso kunali obwerera: anyamata zikwi zambiri amene anaphunzitsidwa kuyendetsa ndeke, ndipo tsopano analibe nchito. Ndeke zinangoti mbwee m'mashedi, ndipo mafakitale amene anazipanga anasowa wogula. Anthu anayamba kufunsana ngati cinthu cimene cinapangidwira kuponya mabomba cingathe kunyamula kalata ndi munthu wa paulendo. Yankho linadza m'caka ca 1919.

Nyuzipepala ya ku London yochedwa Daily Mail inali italonjeza kale mu 1913 kuti idzapatsa mapaundi 10,000 kwa munthu woyamba kuoloka nyanja ya Atlantic pa ndeke, malinga atsirize ulendowo asanathe maola 72. Nkhondo inaimitsa mpikisanowo, koma itatha lonjezo linaukanso. Amene anakhumba ndalamazo anasonkhana pa cisumbu ca Newfoundland, kum'mawa kwa Canada, cifukwa pamenepo ndipo nyanja icepa. Kucokera apo kufika ku Ireland ndi mamailosi osakwana 2,000, ndiponso mphepo ya kumeneko kawirikawiri iomba kucokera kumadzulo, nikankha ndeke yopita ku Ulaya. Koma Newfoundland ndi dziko la miyala, zitunda ndi nkhungu. Vuto loyamba la amunawa linali la pansi pomwe: kupeza malo osalala, otalika mokwanira kuti ndeke yolemedwa ndi petulo ithamange ndi kunyamuka.

Aamereka sanalowe nawo mpikisano wa ndalama. Gulu lao la nkhondo la pamadzi linafuna ulemu wa dziko lao, ndipo linatumiza ndeke zitatu zotera pamadzi, NC-1, NC-3 ndi NC-4, iriyonse ya mainjini anai. Zinanyamuka ku Rockaway, pafupi ndi New York, pa 8 May, ndipo zinacoka ku Newfoundland pa 16 May kulinga ku zisumbu za Azores. Panyanja anandandalika zombo za nkhondo, cimodzi pa mamailosi 50 alionse, usiku zikuwalitsa nyali zamphamvu kuti oyendetsa ndeke aone njira. Ngakhale zinali tero, nkhungu inasokeretsa ziwiri. Anthu a mu NC-1 anatoledwa ndi sitima ya Agiriki, ndeke yao nimira. A mu NC-3 anatera pamadzi, nayenda pamafunde ngati bwato mtunda wa mamailosi 200 kufikira anaona doko. NC-4 yokha, yotsogozedwa ndi Albert Read, ndiyo inafika bwino ku Azores, kenaka ku Lisbon pa 27 May, ndi ku Plymouth m'dziko la England pa 31 May. Amuna asanu ndi mmodzi a m'ndeke imeneyo ndiwo oyamba kuoloka Atlantic mumlengalenga, ndipo nkosayenera kuti anthu amawaiwala cifukwa cakuti anaoloka mopumirapumira.

Harry Hawker, wa ku Australia, atamva kuti Aamereka afika kale ku Azores, sanathe kuugwira mtima. Pa 18 May ananyamuka ndi mnzace Mackenzie-Grieve m'ndeke ya Sopwith ya injini imodzi yokha, ndipo atangokwera anagwetsera mawilo m'nyanja kuti ndeke ipepuke. Pakati pa usiku madzi oziziritsa injini anayamba kuwira. Kutaca anadziwa kuti ku Ireland sakafika, ndipo anafunafuna sitima kufikira anapeza ina yaing'ono ya ku Denmark yochedwa Mary, natera pamadzi pafupi nayo. Amalinyero anawavuula, koma Mary inalibe wailesi. Ku England anthu anawalira maliro, ndipo Mfumu George V inatumiza mau a cipepeso kwa mkazi wa Hawker, amene anakana kwa m'tu wa galu kuti mwamuna wace wafa. Pa 25 May sitimayo inafika kumpoto kwa Scotland, niuza a pamtunda ndi mbendera kuti amuna aja ali moyo. Si ambiri amene amakhala ndi mwai wowerenga mbiri ya maliro ao m'nyuzipepala. A Daily Mail anawapatsa mapaundi 5,000 a cipukuta misozi, koma mphotho yeniyeni inali cikhalire.

Amene anadzaitenga anali amuna awiri amene onse analawapo ukaidi pankhondo. John Alcock, wa ku Manchester, wa zaka 26, anagwidwa ndi Aturuki. Arthur Whitten Brown, wobadwira ku Glasgow, anagwetsedwa ndi Ajeremani, natsala wotsimphina mwendo, ndipo ali m'ndende anadziphunzitsa luso lopeza njira poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi monga acitira amalinyero. Ndeke yao inali Vickers Vimy, yopangidwira kuponya mabomba koma inacedwa, nkhondo nitha isanagwire nchito yace. Inali ya matabwa, nsalu ndi mawaya, ndi mainjini awiri a Rolls-Royce. Pamalo pa mabomba anaikapo matanki a petulo, magaloni 865.

Ndekeyo inafika ku Newfoundland iri zidutswazidutswa m'mabokosi, ndipo amakanika a kampani ya Vickers anailumikiza panja, pa mphepo ndi mvula yozizira, popeza panalibe shedi yoti ikwanemo. Bwalo analipeza pa munda wa munthu wina dzina lace Lester, pafupi ndi mzinda wa St John's, koma munali miyala ndi ngalande. Anthu a kumeneko analembedwa nchito, naswa miyala ndi onga, nakwirira maenje ndi mafosholo. Pa 14 June, dzuwa litangopendeka, Vimy inathamanga pa mundawo cokwera, mwaulesi ngati ng'ombe yolemedwa goli, ndipo oonerera anagwira mtima m'manja poona kuti yatsala pang'ono kukwapula mitengo ya kumapeto. Inanyamuka, nilowera kunyanja.

Awiriwa anakhala mogundana mapewa pa mpando wopanda denga. Asanapite patali wailesi inafa, ndipo kuyambira pamenepo panalibe munthu pa dziko lapansi wodziwa kumene ali. Kenaka paipi yoturutsa utsi ya injini imodzi inang'ambika, phokoso likula kotero kuti anayamba kulankhulana polemba pa timapepala. Nkhungu inali pansi pao, mitambo pamwamba pao, ndipo Brown anakhala maola ambiri osaona dzuwa kapena nyenyezi, akungoyerekeza njira ndi kampasi ndi wochi. Pakati pa usiku mitambo inang'ambika pang'ono, iye naona nyenyezi, napeza kuti sanasokere kwambiri.

Zoopsa zenizeni zinadza mbandakuca. Analowa mumtambo wakuda bii, mwakuti ngakhale nsonga za mapiko sizinaoneke. Munthu akakhala mumtambo wotere sadziwanso kumene kuli kumwamba ndi kumene kuli pansi, ndipo zipangizo zimene zithandiza oyendetsa ndeke a masiku ano kunalibe. Ndeke inapendekeka, niyamba kugwa ikuzungulira ngati tsamba louma. Inaturuka mumtambomo mafunde ali pafupi zedi, ndipo Alcock, poona nyanja itaima cam'mbali ngati khoma, anaongola ndekeyo pa kamphindi kotsiriza. Atayang'ana kampasi anapeza kuti mphuno yaloza ku Amereka, natembenuka. Atakweranso anakomana ndi matalala ndi madzi oundana. Imakambidwa kawirikawiri nkhani yakuti Brown anakwawa pa mapiko kukasema madzi oundana pa mainjini, koma m'zimene iye mwini analemba anangoti anaimirira pa mpando kangapo, mphepo ikumkwapula, kupukuta galasi loonera mayendedwe a petulo. Kwa munthu wa mwendo wolemala, cimeneco cokha ncokwana.

M'mawa wa pa 15 June anaona mtunda, ndi milongoti yaitali ya nyumba ya wailesi ya Marconi pafupi ndi Clifden, ku Ireland. Pambali pace panali malo obiriwira bwino ooneka ngati bwalo. Anthu a pansi anatambasula manja kuwaletsa, iwo nayesa kuti ndi moni. Malowo anali dambo la thope. Mawilo anatitimira, ndeke nigwa camphuno, koma amunawo anaturuka osavulala, nthawi iri 8.40 m'mawa. Anali atauluka mamailosi 1,890 osatera, pa maola ngati 16, pamene sitima zothamanga koposa za nthawiyo zinali kutha masiku asanu panyanjapo. Ananyamulanso kathumba ka makalata. Winston Churchill, amene anali nduna ya za nkhondo ndi ndeke, ndiye anawapatsa ceke ca Daily Mail, ndipo Mfumu inawapatsa ulemu wa Sir. Pa ndalamazo anapatulapo mapaundi 2,000 kupatsa anchito amene anapanga ndi kulumikiza ndeke. Vimy imeneyo isungidwa mpaka lero ku Science Museum, mu London.

Patangopita masabata awiri ndi theka, nyanja inaolokedwanso ndi cinthu ca mtundu wina. R34 cinali combo ca mumlengalenga, cithumba cacikulu ca mafiti 643 m'litali, codzaza mpweya wopepuka, mainjini ndi zipinda za anthu zikulendewera kunsi kwace. Cinacoka ku East Fortune, ku Scotland, pa 2 July, motsogozedwa ndi Major Scott, nicifika pafupi ndi New York patapita maola 108, petulo atatsala pang'ono kutha, cifukwa cinali kulimbana ndi mphepo. Mnyamata wina wa nchito, William Ballantyne, amene anauzidwa kuti atsale, anabisala m'katimo napezeka ali kale pakati pa nyanja. Pobwerera mphepo inali kumbuyo, ndipo anatha maola 75 okha. Ambiri pa nthawiyo anakhulupirira kuti maulendo akutali adzakhala a zombo zoterezi. Ngozi za moto za zaka zotsatira zinaonetsa kuti analakwa.

Pamene manyuzipepala anali kutama ngwazi za panyanja, zinthu zina zosamveka kwambiri zinali kucitika, ndipo mwina ndizo zinasintha moyo wa anthu koposa. Ku Jeremani ndeke zinayamba kunyamula makalata pakati pa Berlin ndi Weimar pa 5 February. M'mwezi wa June, Hugo Junkers anaulutsa ndeke yace ya F 13, yopangidwa ndi citsulo copepuka yonse, ya cipinda cotseka ca anthu anai, pamene anzace anali akali pa matabwa ndi nsalu. Pa 25 August kunayamba ulendo wa tsiku ndi tsiku pakati pa London ndi Paris. Ndeke yoyamba m'mawa umenewo inanyamula mtolankhani mmodzi, manyuzipepala, zikopa, mbalame zophedwa zokadyedwa ku Paris ndi mitsuko ya mafuta a mkaka, ndipo inatha maola awiri ndi theka. Mtengo wa ulendo unali mapaundi 21, wa anthu olemera okhaokha, ndipo kampaniyo inagwa kumapeto kwa 1920. Koma KLM ya ku Holland, imene inakhazikitsidwa pa 7 October, ikali kuuluka ndi dzina lomwelo. Pa 13 October maiko ambiri anasaina pangano ku Paris lakuti mlengalenga wa pamwamba pa dziko liri lonse ndi wa dzikolo, ndipo mlendo sangaulukemo popanda cilolezo.

Boma la Australia nalo linaika mapaundi 10,000 kwa ana a dzikolo amene angauluke kucokera ku England kufika kwao asanathe masiku 30. Ndeke zisanu ndi imodzi zinayesa. Ziwiri zinagwa, nizipha amuna anai. Amene anapambana anali abale awiri, Ross ndi Keith Smith, pamodzi ndi amakanika ao, Wally Shiers ndi Jim Bennett, m'ndeke ya Vimy yonga ya Alcock. Anacoka ku Hounslow pa 12 November, napyola Cairo, Karachi, Calcutta ndi Singapore. Ku Surabaya, pa cisumbu ca Java, ndeke inatitimira m'matope mpaka inakanika kusuntha, masiku akutha. Anthu a m'midzi ya kumeneko anabwera ndi mphasa za nsungwi, zina zocotsa pa makoma a nyumba zao, naziyala pansi kukhala mseu, ndipo ndeke inathamanga pa mphasazo ninyamuka. Inatera ku Darwin pa 10 December, pasanathe masiku 28. Abale awiriwo analandira ulemu wa Sir, amakanika ai; koma ndalama anazigawa pakati pa anthu anai mofanana.

Njira yacitatu imene Angelezi anaifuna inali yocokera ku Cairo kufika ku Cape Town, mtunda woposa mamailosi 5,000, ndipo imeneyi inadzera m'dziko lino, limene pa nthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia. Ndeke ya masiku amenewo inafunika kutera kawirikawiri kumwa petulo, ndipo injini inali kufa nthawi iriyonse; tsono panafunika mabwalo oposa 40 pakati pa cipululu, madambo ndi nkhalango. Magulu atatu anatumidwa kukawakonza. La kum'mwera, lotsogozedwa ndi Major Court Treatt, linapatsidwa cigawo coyambira ku Abercorn mpaka ku Cape, ndipo linasankha malo ku Ndola, ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ndi ku Livingstone.

Ndola wa 1919 anali kamudzi cabe: boma, siteshoni ya njanje yopita ku Congo ndi masitolo owerengeka, ndi mgodi wa Bwana Mkubwa capafupi. Matauni a Kitwe, Luanshya ndi Mufulira kunalibe, kunali thengo. Aliyense wokhala ku Copperbelt adziwa zulu za ciswe za kumeneko, zina zazitali kuposa nyumba, mitengo itamera pamwamba pace, dothi lace lolimba ngati njerwa yoocha. Pamalo pamene anasankha kuti pakhale bwalo la ndeke panali zulu zotere, ndipo zonse zinayenera kucoka. Lipoti la boma la Britain linanena kuti ku Ndola amuna 700 anagwira nchito kuyambira April kufikira August, nacotsa matani 25,000 a dothi la zulu. Munthu wa pa mgodi, amene adziwa kulemera kwa tani imodzi pa fosholo, angawerenge yekha: pa mwamuna aliyense panagwa matani oposa 35. Makina okumbira kunalibe. Nchito inali ya manja, kugumula culu pang'onopang'ono ndi kututa dothi kukataya kunja kwa bwalo.

Mitengo nayo siinali yongodula monga acitira munthu potema munda. Citsa cimodzi cotsalira m'nthaka cikanathyola wilo ndi kupha anthu, conco mtengo uliwonse unazulidwa ndi mizu yomwe, dzenje lace likwiriridwa ndi kutsenderedwa kuti lisadzatitimire mvula ikagwa. Ndipo bwalo lotere silitha kukonzedwa kamodzi, pakuti dzinja likafika udzu umera, ciswe niciyambanso kumanga. M'mwezi wa June womwewo, pamene Alcock ndi Brown anali kulandira ulemu kwa Mfumu, amuna a ku Ndola anali kulawirira m'cisanu kukagumula zulu, kukonzera cinthu cimene ambiri a iwo anali asanacionepo ndi maso. Lipoti lija linasunga ciwerengero cao ndi kulemera kwa dothi limene anasenza. Maina ao silinalembe.

Alcock sanakhale ndi moyo kuti aone njira imeneyi ikugwira nchito. Pa 18 December ananyamuka yekha kupereka ndeke yatsopano ya Vickers ku cionetsero ca ku Paris, ndipo nkhungu inamtsekereza pafupi ndi Rouen, m'dziko la France. Ndeke inagwa m'munda, iye namwalira tsiku lomwelo, ali ndi zaka 27, itangopita miyezi isanu ndi umodzi cioloke nyanja. Brown anakhala mpaka 1948.

Kumapeto kwa December boma la Britain linalengeza kuti njira ya ku Cape yatseguka. Oyamba kuitsiriza anali amuna awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, amene anacoka ku England pa 4 February, 1920, m'ndeke ya Vimy yochedwa Silver Queen. Inaphwanyika usiku m'cipululu ca m'mbali mwa mtsinje wa Nile, iwo nabwerera ku Cairo kukatenga ina. Yaciwiriyo ndiyo inatera ku Abercorn, kenaka pa bwalo lija la ku Ndola, ku Broken Hill ndi ku Livingstone, khamu la anthu likuthamangira kudzaona. Ku Bulawayo, pa 6 March, inalephera kunyamuka bwino cifukwa ca kulemera ndi kupepuka kwa mpweya wa kumtunda, nigwera m'thengo. Amunawo anapulumukanso, ndipo boma la South Africa linawatumizira ndeke yacitatu, yaing'ono, imene inawafikitsa ku Cape Town pa 20 March, patapita masiku 45 cicokere ku England.